Triza Chisenza Asowa Womutula

Triza anaima pakati pa bwalo la azakhali ake ali njoo, beseni la usipa lili pamutu, manja onse awiri ali m'mwamba ngati munthu amene apolisi amuuza kuti asasunthe. Khosi limawawa mpaka kumsana. Madzi a usipa amatsetsereka pamphumi, kudutsa pamphuno, n'kudzamulowa pakamwa, nde iye kumangolavula, poti dzanja lopukutira linalibe mpata.

"Odi! Azakhali! Odi kuno!"

Zii. Chitseko chinali chokiya. Kwa aneba nakonso zii, olo mwana wolira. Anthu onse anali kumaliro kutsidya kwa msewu, ndipo Triza amadziwa bwinobwino zoti kuli maliro, kungoti m'mawa uja mutu wake unali kwina.

Amene anamulandira anali mphaka wa azakhali basi. Anabwera mchira uli m'mwamba, n'kukhala pansi patsogolo pake, kumuyang'ana ngati akuti gwetsa mwana iwe, gwetsa tidye. Akhwangwala nawonso anali atamva kale uthenga, anatera mumtengo wa mango kudikira phwando kkkk.

"Choka iwe!" anatero Triza. Mphaka anangonyambita dzanja lake.

Beseni lake silinali kabeseni kotsukira mbale ayi. Linali lija lalikulu losambitsiramo ana awiri nthawi imodzi, lodzaza thoo ndi usipa wauwisi. Lotere sulitula wekha. Ukangopendeka pang'ono limakuthawa, usipa wonse mumchenga, ndipo usipa wamchenga palibe amagula, olo uutsuke bwanji umalumabe m'mano. Ukati ulimbane nalo, khosi ndi limene lingapite. Pamafunika munthu wina agwire mbali inayo. Munthu mmodzi yekha. Nde munthu mmodziyo ndi amene Triza analibe.

Komatu anali naye kale.

Triza anabwera kunyanja kuno chaka chatha kuchokera ku Khombedza. Amayi ake anali atapeza ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, ndipo bambo ake, a Yesaya Chisenza, ntchito yawo inali yonyamula katundu wa anthu panjinga. Amachoka tambala asanalire, kubwera nkhuku zitagona. Njinga yawo inali ndi kaliyala wowotcheretsa, wachitsulo chokhuthala, woti matumba a chimanga amakhalapo ngati pampando. Nde anaona kuti mwana wamkazi asamangokhala yekha pakhomo, bola apite kwa azakhali ake a Dailes, amene amayanika usipa kunyanja, sukulunso ili pafupi.

Bambo akewo dzina lawo amalinyadira zosaneneka. Amati agogo a agogo awo ankasenza katundu wa amalonda wapansi, kuchokera kunyanja kukwera mapiri mpaka ku Dowa, mpaka anthu anaiwala dzina lawo lenileni, kumangoti Chisenza wafika, Chisenza wapita. Akamafotokoza zimenezi amamenya kaliyala uja phaa, n'kumati, "Ife ndi a khosi lachitsulo, mwana wanga." Triza amangomwetulira, koma mumtima amati anthu ena ndi a Banda, a Phiri, mayina osavutitsa munthu, ife basi atipatse dzina la bulu.

Tsiku lake loyamba padooko, pomwe maboti amatsitsira usipa m'mawa, Triza anayesa kukweza beseni yekha. Anatukumula masaya, mitsempha njoo, beseni osasuntha. Kumbuyo kwake wina anaphulika kuseka. Anali mtsikana wamfupi wa mpango kumutu, wa kampata pamano.

"Iwe wa kumtunda, ukufuna kufa? Wallahi anthu inu! Dzina lako ndani?"

"Triza. Triza Chisenza."

"Chisenza koma osadziwa kusenza? Bweza dzinalo kwa eni ake!"

Ameneyo anali Sakina. Ndi amene anamuphunzitsa kuti kudooko akazi amayenda awiriawiri. Umatwika mnzako kaye, kumukwezera beseni pamutu. Iye ali nalo pamutu choncho amapinda maondo, khosi chilili, n'kugwira m'mphepete mwa beseni lako, mukweze limodzi. Mukafika kothandala, kuja koyanikira, mumatulananso chimodzimodzi. Aliyense ali ndi wake wotwikana naye, ndipo sumusiya, olo mutayambana dzulo lake. Sakina anamupangiranso nkhata ndi mpango wake wakale wobiriwira, anaupota bwinobwino n'kuuzunguliza ngati nkhono. Nkhata zawo ziwiri amazibisa pansi pa bwato lina lakutha lomwe linavundikira pamchenga. Kusukulu amakhala desiki imodzi, mabuku onse awiri m'majumbo. Triza akasowa amayi ake, Sakina amamuyesera mayendedwe a aphunzitsi a masamu mpaka munthu kugwa ndi kuseka.

Zinthu zinayamba kusokonekera tsiku limene kondakitala wa minibasi anatsitsa phukusi lochokera ku Lilongwe. Munali chikwama chapamsana. Chapinki! Cha mazipi ponseponse, kathumba ka botolo m'mbali, malamba ofewa ngati buledi. Amayi ake anachipeza pakaunjika koma chimaoneka ngati chatsopano. Triza anagona nacho, zoona, anagona nacho pamphasa ngati mwana.

M'mawa mwake kusukulu Pauline anamuyankhula koyamba. Pauline ameneyu bambo ake amagwira ntchito kuloji ku Senga Bay, anali ndi foni yojambula, ndipo atsikana onse a zikwama amayenda pambuyo pake. A majumbo samawaona n'komwe.

"Hii, chikwama ichi n'cha boo! Iwe dzina lako ndani kodi?"

Miyezi yonseyi ali kalasi imodzi eti! Koma Triza sanaganize zimenezo. Mtima unangoti myaa. Pabuleki anamuitana kuti akhale nawo pansi pa mtengo wawo. Sakina anamudikira kudesiki ndi chinangwa chophika chomwe amagawana, mpaka belu linalira.

Kenako linafika Loweruka lija. Pauline anati abwera kudooko ndi anzake kudzajambulitsa zithunzi. Triza ananamiza azakhali kuti ali ndi zakusukulu, anavala siketi yake yopitira kutchalitchi, chikwama kumsana. M'chikwamamo munalibe kanthu, nde anaikamo thaulo kuti chioneke chonenepa kkkk. Anaima nawo pafupi ndi maboti, kupinda mwendo, kutulutsa milomo, kuseka mokweza ngati mlendo amene sanaonepo usipa.

Akazi ena onse anali atatwikana kale, akupita awiriawiri. Pamchenga panatsala Sakina yekha ndi beseni lake, nkhata ziwiri zili m'manja.

"Chisenza! Wachedwatu lero! Tabwera unditwike, dzuwa likuwononga usipa!"

Pauline anatsitsa foni. "Triza, umasenza usipa eti? Nde kafungo kaja m'kalasi kamachoka kwa iwe?"

Atsikana aja anayamba kugwira mphuno.

"Ine? Ine sindisenza," anatero Triza. "Ndi dzina chabe."

"Nanga uyo akuitana ndani?"

"Kaya. Amaitana aliyense ameneyo."

Sanalankhule mokweza, koma mphepo ya kunyanja ndi kazitape, inawatenga mawuwo n'kukawatula m'khutu mwa Sakina. Sakina anamuyang'ana kanthawi. Sanaitanenso. Anaika nkhata yake pamutu, anagwada, anakokera beseni pabondo, kenako pachifuwa, anapuma, n'kulikankha kuti likwere. Linafika pachipumi. Basi linapendeka.

Khwaa! Usipa wonse pamchenga.

Pauline ndi anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa, foni ija ikujambula kanema. Triza nayenso anaseka. Kanali kaseko kakang'ono, kouma, kosachokera mumtima, koma kanamveka. Sakina sanalire. Anagwada n'kuyamba kutola usipa umodziumodzi, akudziwa kuti wawonongeka kale ndipo kunyumba amayi ake akamukalipira. Atamaliza anatola nkhata yobiriwira ija yomwe inagwa, anaikung'untha, n'kuipanira m'chiuno.

Kuyambira pamenepo Sakina anayamba kutwikana ndi msuweni wake Rukiya. Kusukulu anasamukira desiki yakumbuyo. Sanamutukwane Triza, sanamunene kwa munthu. Amangomudutsa ngati akudutsa mtengo wa magetsi.

Triza anadziuza kuti zilibe kanthu, ali ndi anzake atsopano. Koma anzake atsopanowo anazindikira msanga kuti chikwama chapinki chija n'chachikulu.

"Triza, tandisungireko dikishonale, ikundilemera."

"Ikamonso nsapato zanga za netibo."

"Botolo langa likwana m'mbalimo eti?"

Poweruka iwo amayenda kutsogolo manja lendelende, zikwama zawo zili pepuu, akukambirana za anyamata a Fomu 4. Iye m'mbuyo, atawerama ngati kamba, thukuta kamukamu. Akatsalira kwambiri Pauline amacheuka n'kukuwa, "Chisenza, senza!" onse n'kuseka. Dzina lomwelo, koma pakamwa pa Pauline limamveka ngati akuitana galu.

Tsiku lina pamsewu lamba mmodzi anangoti phu! Chikwama chinagwa, zipi inatseguka, zonse mufumbi.

"Taona wandidetsera buku! Zinthu za pakaunjika nazonso mxii," anatero Pauline. Aliyense anatola zake n'kumapita. Palibe anati pepa. Palibe anadikira.

Mawa lake Triza anabwera atakumbatira chikwamacho pachifuwa ngati nkhuku yopita nayo kumsika, ndipo pansi pa mtengo paja panalibenso malo ake. Pabuleki anayamba kumakhala kuseri kwa kalasi, pafupi ndi mjigo, kudya chigumu chake yekha, kumayang'ana nyerere zikukoka nyenyeswa. Ngakhale nyererezo zimakoka ziwiriziwiri. Kudesiki kwake mbali inayo kunali kopanda munthu, nde amaikapo chikwama kuti pasaoneke. Kudooko amapita ndi azakhali ake, iwo ndi amene amamutwika n'kumutula.

"Kodi mwayambana ndi Sakina?" anafunsa azakhali tsiku lina.

"Ayi. Ali bize basi."

Azakhali anangoti, "Ooo," n'kumuyang'ana m'mbali.

Nde lero, Loweruka la maliro, azakhali anadzuka m'mamawa kupita kukathandiza kuphika kusiwa. Anamusiyira mawu ali pachitseko.

"Usipa wathu ukatenge paboti la a Binali, ndinalankhula nawo kale. Ukauyanike msanga usanafewe. Koma upeze mnzako muyendere limodzi, wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Atafika kudooko anasuzumira pansi pa bwato lakutha lija. Masiku onsewa amabwereka kansalu ka azakhali, koma lero azakhaliwo anapita nako kumaliro. Pansi pa bwato panalibe nkhata, munali nkhanu yokha imene inamuopseza ndi zala. Anaganiza kaye. Kenako anavula chikwama chapinki chija, poti amayenda nachobe paphewa limodzi, anachipinda n'kuchiika pamutu.

A Binali, eni boti, atamuona anasiya kupima usipa. "Mwana wa Chisenza, nkhata yanji imeneyi ya zipi? Yabwera ndi azungu?"

Anyamata a m'boti anaseka. Cha pambali Sakina ndi Rukiya anali akudzazitsa mabeseni awo. Triza sanayang'aneko.

"Ingonditwikani, a Binali."

"Kukutwika si vuto. Wokutula alipo kunyumba?"

Apa ndi pomwe akanangotembenuka n'kunena mawu awiri okha, tiyendere limodzi. Koma Sakina anali pomwepo, akumva.

"Alipo," anatero Triza.

A Binali ndi mnyamata wina anakweza beseni, analikhazika pamutu pake. Asanafike n'kumsewu komwe anazindikira kuti walakwitsa. Nkhata yeniyeni imagwira beseni, umatha kuyenda manja ali pansi, kukanda pomwe payabwa, kupatsa anthu moni. Koma chikwama ndi choterera. Beseni limayenda lokha pamutu, uku, uko, ndipo zipi imamuboola paliwombo ngati msomali. Anayenera kuligwira ndi manja awiri njira yonse.

Ndi mmene anapezekera pabwalo paja, iye ndi mphaka ndi akhwangwala.

Anayesa nzeru zonse. Anapita pathandala la azakhali, ananjuta pang'onopang'ono kuti mwina alitsetserekere pamwamba pake. Beseni linati tsee kupita kumbuyo, mtima unati phaa, anadzuka msangamsanga. Anapita pamtengo wa mango kuti alitsamize paphanda, koma phandalo linali m'mwamba. Anaganiza zopita kumaliro konko, kenako anadziona akulowa pakati pa anthu olira ndi beseni la usipa pamutu, ntchentche zili pambuyo ngati kwaya. Ayi, bola kufa.

Mwadzidzidzi kafoni kake ka mabatani kanayamba kulira m'thumba la siketi. Anadziwa kuti ndi amayi ake, poti Loweruka ndi tsiku lokhalo limene abwana awo amawapatsa mpata woimba. Sabata yonse amadikira kulira kumeneku. Kanalira, kanalira, kakunjenjemera pantchafu pake, ndipo iye analibe olo chala chimodzi choti akatulutse. Kanasiya. Kanayambanso. Kanasiyanso. Ulendo uno sikanalirenso.

Apa nde misozi inabwera, inasakanikirana ndi madzi a usipa, osadziwikanso kuti awa ndi ati. Mudzi wonse unali chete, kumangomveka nyimbo ya maliro chapatali. Amayi ali ku Lilongwe. Bambo ali pamsewu penapake akukankha njinga. Pauline kaya ali kuti, ndipo akanakhala pano akanangotulutsa foni. Triza anafufuza m'mutu mwake munthu aliyense amene angamuthamangire, ndipo dzina limabwera limodzi lokha.

Usipa unali utayamba kufewa ndi dzuwa. Manja anali atachita dzanzi. Anatembenuka pang'onopang'ono, thupi lonse pamodzi ngati lole ikukhota, n'kuyamba ulendo wa kwa Sakina. Mphaka anamutsatira.

Njira yake ndi yaifupi koma tsiku limenelo inatalika ngati yopita ku Dowa kwa agogo aja. Anawapeza Sakina ndi Rukiya kuseri kwa nyumba, akumwaza usipa pathandala. Iwo anali atatulana kalekale.

"Odi," anatero Triza, mawu ali pansipansi.

Rukiya anacheuka, n'kutsegula pakamwa. "Sakina, taona! Usipa wayamba kuyenda wokha, wabweranso ndi mphaka wake!"

Sakina anayang'ana kamodzi, n'kubwezera maso pathandala.

"Sakina, tanditule."

Sakina anapitiriza kumwaza usipa. "Rukiya, akuitana ndani ameneyu?"

"Kaya," anatero Rukiya. "Amaitana aliyense."

Eee, inamulowa Triza mpaka m'mafupa. Nde kuti dooko lonse limaidziwa nkhaniyi.

"Chonde Sakina. Khosi langa."

"Khosi lako latani? Si iwe susenza? Si dzina chabe? Nanga chili pamutupo n'chiyani, dzina?"

"Ndimasenza."

"Sindikumva. Mphepo."

"Ndimasenza! Ndine Chisenza, ndimasenza usipa!" Mawu anatuluka ndi mamina omwe. "Ndinakusiya wekha tsiku lija. Ndinaseka. Sindinafune kuseka koma ndinaseka. Ukafuna usandilankhulenso, koma usipa uwu ndi wa azakhali, sanalakwe iwo."

Sakina anaima, manja ali m'chiuno. "Ukudziwa kuti amayi anandikalipira mpaka aneba anabwera? Usipa uja tinapatsa abakha. Ndipo kanema wa mnzako uja anafika mpaka kwa achimwene anga ku Nkhotakota. Ukudziwa?"

"Sindimadziwa."

"Umadziwa chiyani iwe? Zipi?"

Triza anafuna kuyankha, koma chikwama chinayankha kale. Chinaterereka, beseni linayamba ulendo wopita kumanzere.

"Subhanallah! Rukiya, gwira uko!" Sakina anali atalumpha kale, manja ali m'mphepete mwa beseni. "Iwe pinda maondo! Khosi chilili, usaweramitse mutu, ndinakuphunzitsa chiyani? Pang'onopang'ono. Siya tsopano. Ndati siya, tagwira!"

Beseni linatsika, linakhala pansi bwinobwino. Kanagwa kausipa kamodzi kokha, ndipo mphaka uja, atayenda mtunda wonsewo, anakatola n'kuthawa nako. Analipidwa ndithu kkkk.

Triza anamva mutu wake kupepuka ngati uuluka. Koma manja anakana kutsika, anatsala m'mwamba momwemo. Chikwama chapinki chinali chitamatirira pamutu, chaphwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa, chikudontha madzi a usipa, lamba wotsala uja akulendewera pakhutu. Rukiya anakhala pansi ndi kuseka, kumenya mchenga.

"Mayo ine! Sakina, tamuone pamphumi, zipi yadinda! Tsegula tione muli chiyani m'mutumo!"

Sakina analuma mlomo. Kampata kapamano kaja kanafuna kuoneka koma anakabisa msanga. Anagwira manja a Triza n'kuwatsitsa limodzilimodzi, mwaukali pang'ono.

"Usaganize zambiri. Ndatula usipa wa mayi Dailes, osati iwe."

"Ndamva."

"Ndipo kubwerera nawo kwanu uwola. Thandala ilo lilibe kanthu, yanika pamenepo."

Anayanika atatu. Rukiya amalongolola yekha, za maliro, za a Binali, za mnyamata wina wa m'boti amene amadzola mafuta ambiri. Sakina sanamulankhulenso Triza, olo liwu. Pomaliza Triza anati zikomo, Sakina anangokweza mapewa n'kulowa m'nyumba. Triza anabwerera yekha, beseni lopanda kanthu m'manja, khosi litaumira mbali imodzi ngati nkhuku yomvetsera bingu. Madzulo azakhali atabwera anafunsa kuti usipa uli kuti, iye anafotokoza zonse, kuyambira pa thaulo lija. Azakhali sanakalipe. Anamuthira madzi otentha pakhosi ndi kansalu, n'kungoti, "Mawa maboti abweranso."

M'mawa mwake Triza anafika padooko anthu asanachuluke. Chikwama anachichapa, anachisiya chili pachingwe. Anadzazitsa beseni la azakhali, n'kuima pambali, osadziwa poika maso. Sakina ndi Rukiya atadzazitsa awo, Sakina anaika nkhata pamutu n'kuwerama. Rukiya asanagwire, Triza anali atagwira kale mbali inayo.

Sakina anayang'ana manjawo. "Wotwikana naye ine ndi Rukiya."

"Ine ndatopa nawe," anatero Rukiya. "Ndiwe wamfupi, msana umandiwawa. Ndipo mwezi wonsewu nkhani yako ndi imodzi, Triza Triza Triza, ngati wailesi yoonongeka. Ine ndibwerera kwa mnzanga Zahra."

"Wabodza iwe!"

"Wallahi."

Triza sanasiye beseni. Anangodikira, manja ali pomwepo. Sakina anapuma mwamphamvu, n'kugwira mbali yake.

"Kweza nde. Ukandigwetsera, ndikuponya m'nyanja."

Anakweza. Beseni linakhala pamutu pa Sakina bwinobwino. Kenako Sakina anapisa dzanja m'chiuno, anatulutsa kanthu kobiriwira n'kumuponyera pachifuwa. Inali nkhata ija, yopotedwanso mwatsopano, ikununkhira sopo.

"Ndinachapa. Inali ndi mchenga."

Triza anaigwira ndi manja awiri. Anaima choncho kuiyang'ana mpaka Sakina anatopa, atapinda kale maondo, khosi chilili, dzanja lili pabeseni la azakhali.

"Nanga ndikhala chonchi mpaka liti? Chisenza!"

"Wawa!" anayankha Triza, mokweza mpaka a Binali anacheuka m'boti. Anaika nkhata pamutu, n'kuwerama kugwira mbali yake.